Deti lizilowa lokha mu Excel

Anzathu kuno ku Joni amene mumalemba ndalama za chipereganyu kapena katundu wopita kumudzi pa Excel kapena Google Sheets, musamavutike kutayipa deti. Dinani kabokosi komwe mukufuna, kenako mudine Ctrl ndi ; (semicolon) pamodzi. Nthawi imodzi, deti la lero lilowa. Mukafuna nthawi, ndi Ctrl, Shift ndi ;.

Koma chenjerani ndi =TODAY() komanso =NOW(), mafomula omwe nawonso amalowetsa deti. Zimenezi zimayendera wotchi ya kompyuta, mukatsegula fayilo mawa zisintha. Ndiye mayi amene anapereka R500 yawo Lachisanu azioneka ngati apereka lero, mkangano nkubuka pagulu. Mafomulawa aikeni pamwamba pa tsamba pokha. Pamzere wa ndalama gwiritsani ntchito Ctrl ndi ; chifukwa deti lake silisunthanso.