Kamwedwe ndi Kapakidwe ka Mankhwala a Dazi: Finasteride ndi Minoxidil

Malangizo awa ndawalemba kuno ku Salima potsatira timapepala timene timapezeka m'makatoni a mankhwala awiriwa, ndipo ndalembera makamaka abale athu a ku Chipata, Katete ndi Petauke amene amawerenga Chinyanja. Pamene kapepala kakunena momveka ndatsata mawu ake, koma pamene ndaona kuti munthu angasokonezeke ndawonjezapo zanga.

Dazi limene mankhwalawa amalimbana nalo ndi lija la kumtundu, loyamba ndi kupyapyala kwa tsitsi m'mbali mwa chipumi ndi paliwombo. Ngati tsitsi lathothoka mwadzidzidzi, kapena lachoka malo ozungulira ngati chipere, vuto ndi lina ndipo muyambe mwapita kuchipatala. Gwero la dazi la kumtundu ndi homoni yotchedwa DHT, imene thupi la mwamuna limapanga kuchokera ku homoni yachimuna yotchedwa testosterone, ndipo imafotetsa mizu ya tsitsi pang'onopang'ono mpaka tsitsilo kusanduka ngati ubweya.

Finasteride ndi wakumwa, ndipo ndi wa amuna akuluakulu okha. Mlingo wake ndi m'bulu umodzi wa 1 mg kamodzi patsiku, mutadya kapena musanadye. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe iwiri mawa lake. Ingopitirizani monga mwa masiku onse, pakuti kuwonjezera mlingo sikufulumizitsa tsitsi. Mankhwalawa amachepetsa DHT m'magazi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, koma kusintha pamutu kumayamba kuoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6, ndipo ngati miyezi 12 yatha popanda phindu, kambiranani ndi dokotala ngati kuli koyenera kupitiriza. Chimene ogulitsa ambiri sanena n'chakuti mankhwalawa sachiza dazi koma amangoligwira panthawi imene mukumwa. Mukasiya, tsitsi lonse limene linabwerera limathothokanso chaka chisanathe.

Pali finasteride wina wa 5 mg, amene amaperekedwa kwa abambo otupa prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Poti wa 5 mg amapezeka mosavuta, amuna ena amagula ameneyu n'kumadula m'bulu uliwonse panayi ndi lezala. Ndinaona m'bale wanga akuchita zimenezi pa mbale yadothi, tizidutswa tikuthethekera pamphasa, mkazi wake ali ndi pakati pa miyezi itatu ndipo ndi iye amene anadzatsuka mbaleyo. Kapepala kakunenetsa kuti mayi woyembekezera, kapena amene angakhale woyembekezera, asakhudze m'bulu wosweka kapena wophwanyika, chifukwa mankhwalawa angalowe pakhungu ndi kusokoneza kapangidwe ka maliseche a mwana wamwamuna m'mimba. M'bulu wathunthu uli ndi kachikuto koteteza, ndipo kudula kumachotsa chitetezo chimenecho. Mayi akakhudza mwangozi, asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo.

Gawo la zovuta zobwera ndi mankhwala ndi limene landivuta kwambiri kumasulira, chifukwa pa chikhalidwe chathu nkhani za m'nyumba timazinena mozungulira, koma pano kuzungulira kungapweteketse munthu. Pa kafukufuku amene anachitika mankhwalawa asanavomerezedwe ku America mu 1997, amuna osakwana 2 mwa 100 aliwonse anadandaula za kuchepa kwa chilakolako chogonana, ndipo chiwerengero cha amene anavutika kutota kapena kutulutsa umuna chinalinso chosafika 2 mwa 100. Kwa ambiri zimenezi zimatha akasiya kumwa, koma alipo amuna amene anena kuti vutoli linapitirira ngakhale atasiya. Ine ndikuona kuti n'kwanzeru kuwauza akunyumba musanayambe, kuti zinthu zikasintha asaganize kuti mwapeza wina kapena kuti mwalodzedwa. Mabere a mwamuna angathenso kupweteka kapena kukula, ndipo mukamva chotupa kapena kuona madzi akutuluka kunsonga ya bere, pitani kuchipatala osazengereza.

Kapepala katchulanso matenda a maganizo. Liwu loti kukhumudwa ndaliona lopepuka, chifukwa munthu amakhumudwa ngakhale timu yake ikagonja. Chimene chikunenedwa pano ndi chisoni chosatha chopanda chifukwa chenicheni, kusowa tulo, kusafuna kucheza ndi anthu, mpaka maganizo ofuna kudzipha. Mu 2024 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain linalamula kuti m'makatoni a finasteride muziikidwa kakhadi kochenjeza za zimenezi. Mukadziona chonchi, siyani kumwa tsiku lomwelo ndipo uzani dokotala. Dziwaninso kuti mankhwalawa amatsitsa ndi pafupifupi theka zotsatira za PSA, kuyeza magazi kofufuza khansa ya prostate, choncho woyezayo adziwe kuti mukumwa.

Minoxidil wa 5% ndi wopaka. Poyambirira anali mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo zinadziwika kuti odwala amene ankamwa ankamera tsitsi lambiri. Mlingo ndi 1 ml kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, osapitirira 2 ml patsiku. Yezani ndi kodonthezera ka m'katoni, pakani pakhungu la mutu louma osati patsitsi, kenako sambani m'manja. Mutu usanyowe kwa maola 4. Kuno kunyanja, mwezi wa Okutobala, munthu amatuluka thukuta atangokhala pansi pa mtengo, ndipo ndikudziwa kuti ku chigwa cha Luangwa n'chimodzimodzi. Thukuta limatsitsira mankhwala pachipumi ndi m'masaya, kumene angameretse tsitsi losafunika. N'chifukwa chake ndi bwino kupaka m'mamawa kusanatenthe, ndipo madzulo mupake maola awiri kapena kuposerapo musanagone kuti asapakike papilo ndi kufikira nkhope ya mnzanu. Musapake pamutu wa zilonda, kapena umene wangometedwa mpala n'kutemeka.

M'masabata oyambirira tsitsi limatha kuthothoka kuposa kale, ndipo ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti anawagulitsa mankhwala achinyengo, chonsecho ndi tsitsi lakale likupereka malo kwa latsopano. Kuyabwa ndi mfundu zimachitikachitika. Koma mtima ukamagunda mothamanga, mukamamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, kapenanso manja ndi mapazi zikatupa, lekani kupaka ndipo muthamangire kuchipatala. Amene ali ndi matenda a mtima afunse dokotala asanayambe n'komwe.

Botolo la minoxidil lili ndi spiriti amene amayaka msanga, choncho musapake pafupi ndi mbaula, kandulo kapena fodya woyaka. Mankhwala onse awiri asungidwe pamalo ozizirirapo, osati pawindo kapena pamwamba pa khoma pansi pa malata, ndipo akhale patali ndi ana komanso amphaka, chifukwa minoxidil ngakhale wochepa angathe kupha mphaka. Pogula, pitani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala ku Zambia, ndipo finasteride mugule ndi chikalata cha dokotala.