Malangizo a Kasankhidwe ndi Kasamalidwe ka Zamoyo Zopanda Fupa la Msana mu Thanki ya Madzi Amcele

Pepala ili ndi la aliyense amene wagula, kapena afuna kugula, nkhono, nkhanu, ma shrimp, ma starfish (ooneka ngati nyenyezi), ma urchin (obulungila, aminga), ma anemone (ooneka ngati duwa) ndi ma clam (a zigoba ziwili zotseguka ngati buku) a m'nyanja yamcele kuti aziweta mu thanki ya makorali, tamoyo ta m'nyanja tomatilila pamiyala n'kumaoneka ngati zomela. Liwelengeni lonse musanamasule thumba. Zamoyo izi n'zofooka kuposa nsomba. Mcele wa m'madzi ukasintha pang'ono cabe thupi lake limamva msanga, ndipo kawilikawili sizionetsa kuti zadwala. Mumangopeza m'mawa cigoba cili pamcenga, mwini wake atafa.

Kuno ku Zambia tilibe nyanja yamcele. Ciliconse cimene cili m'thumbamo cayenda ulendo wautali wa ndeke kucokela ku Indonesia, Philippines, Kenya kapena ku Caribbean, nthawi zina modzela ku South Africa. Cafika cotopa, ndipo cikafa simungapeze cina mawa lake.

Thanki iyambe yakhwima

Musaike camoyo ciliconse mu thanki yatsopano. Mabakiteliya amene amaononga ammonia, poizoni wocokela ku zinyalala za zamoyo ndi zinthu zowola, amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti aculuke m'miyala ndi mumcenga. Pimani madzi. Ammonia ndi nitrite, poizoni wina amene mabakiteliya amapanga kucokela ku ammonia, zikhale pa 0. Nkhono muziike ndele zitayamba kuoneka pagalasi, cifukwa ndico cakudya cake. Anemone ndi clam ziyembekeze kufikila thanki itakwanitsa miyezi 6, ndipo kupitilila apo ndiye bwino.

Miyezo ya madzi

Mcele: 35 ppt (magawo 35 mwa 1000), kapena 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer, kacipangizo kopimila mcele.
Kutentha: madigili 24 mpaka 26.
pH (muyezo wa asidi m'madzi, ukatsika ndiye kuti asidi waculuka): 8.0 mpaka 8.4.
Alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika, muyezo wake ndi dKH): 8 mpaka 9 dKH.
Calcium: 400 mpaka 450 ppm (magawo mwa miliyoni imodzi).
Magnesium: 1250 mpaka 1350 ppm.
Nitrate (cimene cimatsala mabakiteliya akaononga nitrite): pansi pa 10 ppm.

Musavutike kuthamangitsa nambala imodzi. Thanki imene ikhala pa 1.024 mwezi wonse ili bwino kuposa imene lelo ili pa 1.023, mawa pa 1.027. Madzi akauma ndi kutentha, mcele sucoka, umatsala mu thanki. Conco podzaza madzi amene acepa, thilani opanda mcele, pang'ono tsiku lililonse. Madzi amcele amalowa pokhapo pamene mwacotsako ena, ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 pa mlungu kapena pa milungu iwili n'lokwana.

Mcele wa pa ndiwo sugwila nchito. Gulani wopangidwila thanki ya makorali, sungunulani magalamu 35 mpaka 40 pa lita malinga ndi zolembedwa pa paketi, usiyeni uzungulile ndi pampu usiku wonse, ndiyeno mupime musanathile. Madzi osungunulila akhale osefedwa ndi makina a RO/DI, amene amacotsa zinthu zosungunuka m'madzi. A pa pompi ali ndi chlorine. A m'citsime kapena pa borehole, makamaka mu Lusaka mmene nthaka ili pa miyala ya laimu, amakhala olemela, ndipo m'madela a zimbudzi zokumba amakhalanso ndi nitrate wambili. Kuwilitsa sikucotsa zimenezi.

Kopa ndi mankhwala a udzudzu

Apa ndiye pofunika kusamala koposa, pakuti zinthu ziwilizi zimapha thanki yonse pa usiku umodzi.

Kopa ndi poizoni kwa nkhono, nkhanu, ma shrimp ndi makorali, ngakhale atakhala wocepa kwambili moti nsomba sizimumva. Mankhwala ambili ocizila matenda a mawanga oyela a nsomba ali ndi kopa. Nsomba yodwala muicizile mu thanki ina. Miyala ndi mcenga zimamwa kopa n'kumamutulutsa pang'onopang'ono kwa miyezi, conco pogula thanki yakale funsani mwini wake ngati anathilamo mankhwala otele. Akakayika, miyala ndi mcengawo zisiyeni. Paipi ya kopa, pompi ya bulasi, waya wa magetsi wong'ambika, ngakhale ndalama yacitsulo yoponyedwa ndi mwana, zonsezi zisakhudze madzi.

Nkhanu ndi ma shrimp ndi acibale a tizilombo touluka, ndipo mankhwala amene amapha udzudzu ndi mphemvu amaziphanso. Musapopele m'cipinda ca thanki, musayatsemo koyilo. Musadule neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala kuti muphimbile thanki kapena kugwilila camoyo. Ngati mwadzola mafuta othamangitsa udzudzu, sambani m'manja mpaka m'zigongono ndi madzi okha ambili musanapise mu thanki. A zaumoyo akabwela kudzapopela m'nyumba pa nkhondo yolimbana ndi malungo, musawabweze cifukwa ca thanki, moyo wa banja ndiwo woyamba. Auzeni za thankiyo, apempheni kuti cipinda cimeneco acidumphe, tsekani citseko, phimbani thanki ndi pulasitiki, ndipo zimitsani skimmer (makina ocotsa zinyalala m'madzi ndi thovu) ndi pampu ya mpweya kwa maola angapo cifukwa zimakokela mpweya wa m'cipinda m'madzi. Mapampu ozungulitsa madzi m'kati asiyeni aziyenda.

Zoyamba nazo

Funso loyamba posankha likhale lakuti: kodi ici cidya ciyani, nanga m'thanki mwanga muli cimeneco? Kukongola kubwele pambuyo.

Pa nkhono zodya ndele, Trochus ndiyo timalimbikitsa. Imapilila madzi ofunda, ndipo ikagwa cagada imatha kudzitembenuza yokha. Astraea imadya bwino koma ikagwa cagada pamcenga imakanika kudzuka, ndiye muziitembenuza nkhanu zisanaipeze. Cerith imalowa m'ming'alu ya miyala. Nassarius imabisala mumcenga n'kutuluka ikamva fungo la cakudya. Iyo sidya ndele, imadya zotsala za nsomba. Turbo wamkulu wa ku Mexico amadya kwambili koma amagwetsa makorali osamatidwa bwino. Nkhono za Margarita n'za madzi ozizila, pa madigili 25 zimafa pang'onopang'ono, conco zisiyeni.

Musagule nkhono zambili nthawi imodzi. Zikamaliza ndele zimafa ndi njala, ndipo zikaola zimaipitsa madzi n'kubweletsanso ndele zija. Yambani ndi 5 kapena 6 mu thanki ya malita 100, muone nchito yake kwa milungu iwili, kenako muonjezele ngati pafunika.

Nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono, monga ya miyendo ya buluu Clibanarius tricolor ndi yofiila Paguristes cadenati, zimatola zotsala. Vuto lake n'lakuti zikakula zimafuna nyumba yokulilapo, ndipo zimapha nkhono kuti zilande cigoba. Ikani zigoba zopanda kanthu za misinkhu yosiyanasiyana, zitatu pa nkhanu iliyonse. Nkhanu ya emerald, Mithraculus sculptus, imadya ndele zokhala ngati timabaluni tobiliwila, koma ikakhala ndi njala imayamba kutsina makorali.

Mwa ma shrimp, Lysmata amboinensis, wa mzele woyela pakati pa mizele iwili yofiila, ndi wabwino kwa woyamba. Amakwela pa nsomba n'kuzicotsa khungu lakufa ndi tizilombo, ndipo amazolowela mpaka kukwela pa dzanja lanu. Wa peppermint, Lysmata wurdemanni, amagulidwa kuti adye Aiptasia, ka anemone kovutitsa kamene kamabwela ndi miyala. Cenjelani, amafanana ndi wa camel, Rhynchocinetes durbanensis, amene ali ndi linunda pamsana ndipo amatsina makorali ofewa. Urchin wa tuxedo, Mespilia globulus, ali ndi minga yaifupi ndipo amapala ndele bwino, kungoti amanyamula tinthu tosamatidwa n'kumayenda nato.

Zosiya m'sitolo

Zamoyo zina zimagulitsidwa cifukwa n'zokongola, koma kuzigula n'kuzipha ndi njala. Starfish wa buluu, Linckia laevigata, amatha miyezi akuoneka bwino kwinaku akuonda m'kati, kenako amayamba kusungunuka miyendo. Starfish wofukula mcenga, Archaster typicus, amadya tamoyo tonse ta mumcenga wa thanki yaing'ono n'kufa. Ma nudibranch, nkhono za m'nyanja zopanda cigoba, ambili amadya mtundu umodzi wokha wa siponji kapena wa korali. Shrimp wa harlequin sadya cina koma ma starfish amoyo. Flame scallop amafuna cakudya cosalala kwambili coyandama m'madzi tsiku lonse, ndipo ndi ocepa amene amamukhalitsa.

Zina n'zoopsa kwa anzake. Starfish wa chocolate chip amadya makorali ndi ma clam. Brittle star wamkulu wobiliwila, Ophiarachna incrassata, amagwila nsomba zazing'ono usiku. Sea apple akavulala kapena akafa amatulutsa poizoni wopha nsomba zonse. Ganizilaninso nsomba zimene muli nazo kale: triggerfish, pufferfish, hawkfish ndi ma wrasse aakulu amadya ma shrimp, nkhanu ndi nkhono, pamene angelfish ndi butterflyfish zimatsina ma clam mpaka kuleka kutseguka.

Anemone ndi clam

Ziwilizi zimapeza cakudya cambili kucokela ku ndele zazing'ono kwambili zokhala m'thupi mwake, zimene zimafuna kuwala kwamphamvu. Popanda nyale ya makorali musaziyese. Mwa ma anemone, wa bubble tip, Entacmaea quadricolor, ndiye wolimbako. Woyela mbuu musamutenge, wataya ndele zake ndipo ali pangozi. Sankhani wa mtundu wakhaki, wobiliwila kapena wofiila, wa kamwa lotseka, wa phazi losang'ambika. Anemone amayenda kufuna malo amene wakonda, ndipo akalowa m'pampu amadulidwa n'kuipitsa thanki yonse. Phimbani pokokela madzi pa mapampu onse asanafike.

Mwa ma clam, Tridacna derasa ndi squamosa savuta ngati maxima ndi crocea. Pititsani dzanja pakati pa nyale ndi clam: wathanzi amadzikoka msanga. Amene ali yasa, mnofu utabwelela m'kati, musamugule. Yang'ananinso pansi pa cigoba ngati pali tinkhono toyela tating'ono ngati mbewu za mpunga, timayamwa clam usiku.

Kuzoloweletsa zikafika

Zimitsani nyale. Yandamitsani thumba losamasula mu thanki kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane. Kenako khuthulani camoyo ndi madzi ake m'ndowa yoyela imene sinaonepo sopo. Tengani kapaipi ka mpweya, kamangeni mfundo yosakoka kwambili, mukoke madzi a mu thanki kuti azidonthela m'ndowa madontho 2 mpaka 4 pa sekondi. Madzi akawilikiza, tayani theka, mupitilize. Kwa nkhono, nkhanu ndi ma shrimp ola limodzi n'lokwana. Ma starfish ndi ma urchin amafuna maola awili.

Ngati thumba lakhala lotseka kupitilila tsiku lathunthu, musacedwe nalo motele. Mukalitsegula pH imakwela ndipo ammonia amene waunjikana m'madzimo amasanduka waukali. Pimani mcele wa m'thumba, konzani ndowa ya madzi atsopano a mcele ndi kutentha kofanana, samutsilanimo camoyo mwamsanga, ndiyeno muyambe kudonthetsa. Madzi a m'thumba asalowe mu thanki. Masiponji asakhudzane ndi mpweya ngakhale kamphindi, ndipo starfish mumusamutse ali m'kapu ya madzi. Mankhwala onyikamo makorali atsopano si a nkhono, nkhanu kapena ma shrimp, amazipha.

Matenda a mawanga oyela sagwila zamoyozi, koma mbewu zake zimamatilila pa zigoba ndipo zingakhale zamoyo mpaka masiku 72. Amene ali ndi nsomba zodula acita bwino kusunga zatsopano mu thanki yopanda nsomba kwa nthawi yotele.

Cisamalilo ca masiku onse

Dyetsani ma shrimp, nkhanu ndi Nassarius kacidutswa ka mysis (tima shrimp tating'ono todyetsela nsomba) kapena ka nsomba ya m'nyanja kawili kapena katatu pa mlungu. Ndele zikacepa, mangililani nori (ndele za m'nyanja zouma) wopanda mafuta ndi zokometsela pa kamwala kuti nkhono ndi urchin zidye. Anemone apatsidwe kacidutswa kakang'ono kamodzi pa mlungu.

Mukaona shrimp kapena nkhanu ili gone, yopepuka, yoonekela m'kati, musathamangile kulila. Nthawi zambili yangofundula, ndipo mwini wake wabisala m'miyala kuyembekeza cigoba catsopano kuti cilimbe. Musamufunefune. Nkhono imene yakhala malo amodzi masiku awili itulutseni muinunkhize. Yakufa fungo lake silisoweka, ndipo muicotse nthawi yomweyo. Urchin akayamba kuthothoka minga, pimani madzi tsiku lomwelo.

Malaiti akapita, coyamba kutha ndi mpweya wa m'madzi, ndipo nyengo yotentha zimangotenga maola ocepa. Musanagule camoyo coyamba, khalani ndi pampu ya mpweya ya mabatile, kapena lumikizani pampu imodzi yozungulitsa madzi ku inverter kapena ku sola. Nyale zingakhale zozima masiku awili kapena atatu popanda vuto lalikulu, koma madzi asaime. Musadyetse malaiti kulibe. Usiku wa Juni ndi Julayi fundikani thanki ndi bulangeti ngati hita siyaka. Mu Okutobala tsegulani civundikilo, lozetsani fani pamwamba pa madzi, ndipo kutentha kukapyola madigili 28 yandamitsani botolo lotseka la madzi oundana.

Dzitetezeni

Valani magolovesi pogwila miyala. Mumabisala nyongolotsi za ubweya wobaya, ndiponso mantis shrimp amene amang'amba cala. Makorali a Palythoa ndi ma zoanthid ena (makorali ooneka ngati timabatani toyandikana) ali ndi palytoxin, poizoni woopsa kwa munthu. Musawilitse mwala umene ali pamenepo, musauthile madzi otentha, musaukwece pouma, cifukwa nthunzi yake yadwalitsapo mabanja athunthu. Powadula valani magalasi oteteza maso. Mukamva kubanika, kutentha thupi kapena kulawa citsulo m'kamwa mutagwila makorali, tulutsani onse m'nyumba, pitani ku cipatala, ndipo mukauze adokotala dzina la palytoxin. Nkhono ya cone ndi octopus wa mphete za buluu zimapha munthu, siziyenela kulowa m'nyumba.

Zilolezo

Ma clam a Tridacna ndi makorali olimba ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la maiko loyang'anila malonda a nyama ndi zomela za m'cilengedwe, ndipo satuluka m'dziko locokela popanda cilolezo. Ku Zambia nkhani za CITES zili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, pamene za kulowetsa zamoyo za m'madzi mufunse ku Department of Fisheries katundu asananyamuke. Pogula m'sitolo pemphani kuona mapepala, ndipo ngati alipo clam kapena korali woleledwa pa famu, sankhani ameneyo m'malo mwa wozulidwa m'nyanja. Camoyo cimene mwalephela kusunga cibwezeni kwa wogulitsa kapena mupatse woweta mnzanu. Madzi akale a mu thanki musathile m'dimba kapena mumtsinje, mcele wake umaumitsa mbewu.