Kutenthetsa madzi a mu swimming pool ndi dzuwa: musiye masensa aziyatsa ndi kuthimitsa okha

Akuluakulu amene muli ndi swimming pool pakhomo kapena pa koteji kuno ku Mangochi, kaya ndi ku Namiasi, ku Nkopola, ku Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear uko, nkhani iyi ndi yanu. Anthu akutali amaona ngati kuno kumangotentha chaka chonse, koma ife eni ake tikudziwa kuti ikakwana Juni ndi Julayi mwera nkuyamba kuomba, madzi a mu pulu amazizira moti ana amangoviika phazi nkubwerera, pulu nkumangodya kolorini ndi magetsi miyezi yonseyo popanda osambamo. Ndipo ambiri munamanga pulu poopa likodzo la m'mphepete mwa nyanja, ena ng'ona ndi mvuu makamaka inu a kufupi ndi Shire, nde kuwauza ana kuti kasambeni kunyanja sizoona.

Kutenthetsa ndi dzuwa sikovuta ayi ndipo ena munayamba kale. Mumayala mapaipi akuda aja padenga kapena pa thandala, pampu imakankha madzi kuchokera mu pulu kudutsa mu fyuluta kukwera m'mapaipimo nkubwerera atafundako. Pomwe ambiri mukuluza ndi pa funso loti ndani akutsegula ndi kutseka madzi opita kudengako, ndipo nthawi yanji.

Paipi yakuda siisankha. Dzuwa likaomba imalandira kutentha, koma kunja kukazizira kuposa madzi amene ali mkati mwake imataya kutenthako. Nde taganizani, mnyamata wa pakhomo watsegula valavu 6 koloko mmawa denga likadali zii chifukwa akufuna athane nazo asanapite kukathirira maluwa, madzi ofunda a dzulo akukazizira padenga kwa maola awiri atatu, madzulo watumidwa kumsika wabwerako mdima uli bii pampu ikungozungulitsabe madzi, zonse zomwe dzuwa linapereka masana zapita. Olakwa si iyeyo, munthu sangakhale tsiku lonse maso ali kumwamba. Ena mumati tinaika taima. Taima ndi bola, koma imangodziwa wotchi basi, siiona mitambo, siimva mwera. Tsiku loti kwachita mitambo ndi mphepo imayatsabe 9 koloko nkumaziziritsa pulu mpaka 3 koloko.

Tiwerengere limodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Kuti malita 1,000 a madzi akwere ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu yokwana 1.16 kWh, ndiye kuti yuniti imodzi ndi kakanthu ya magetsi omwe timagula aja. Pulu ya mamita 8 mulitali, 4 mulifupi, yakuya mita imodzi ndi theka imalowa malita 48,000, nde digiri imodzi yokha ndi mayuniti pafupifupi 56. Mapaipi a masikweya mita 20 pa tsiku la dzuwa labwino amakupatsani chapompo, digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye mukuona kuti phindu lake limabwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, usiku umodzi woiwala kutseka ukubwezani mmbuyo.

Chofunika ndi kakontrola kakang'ono kokhala ndi masensa awiri, tizipangizo toyeza kutentha. Sensa imodzi imakhala padenga pambali pa mapaipi, pamalo poti dzuwa ndi mphepo zikuimenya chimodzimodzi ndi mapaipiwo, osati pansi pa malata kapena pamthunzi wa mtengo wa mango. Inayo imakhala pa paipi yochokera mu pulu, madzi asanakwere kudenga, kuti iziyeza madzi enieni a mu pulu. Ntchito ya kontrola ndi kufanizira ziwirizi basi. Denga likatentha kuposa madzi ndi madigiri 4 kapena 5 imalola madzi kukwera, kusiyanako kukatsika kufika pa digiri imodzi kapena awiri imatseka. Manambala awiriwa asafanane chonde, mukaika poyatsira ndi pothimitsira pamodzimodzi pampu izingoti yaka thima yaka thima kamtambo kalikonse kakadutsa, mota siichedwa kupsa. Muikenso malire a pamwamba, madigiri 28 ndi okwana, madzi akafika pamenepo kontrola isiye olo dzuwa liswe mtengo.

Pali njira ziwiri zolumikizira. Ngati pampu ya fyuluta ili ndi mphamvu zokweza madzi kudenga, mumaika valavu ya njira zitatu yokhala ndi kamota, pambuyo pa fyuluta kuti zinyalala zisakatseke mapaipi, kontrola nkumaitembenuza, kudenga kapena kubwerera mu pulu. Apa muonetsetse kuti maola a fyuluta mwawasunthira masana, poti valavu itha kutseguka bwinobwino pampu ili chete. Njira ina ndi kuika pampu yapadera yokweza madzi ku mapaipi a padengawo basi. Ine kuno kwathu ndimakonda yachiwiriyi, makamaka pampu ya DC yolumikizidwa ku panelo yakeyake ya magetsi a sola, chifukwa magetsi akathima masana iyo ikugwirabe, komanso dzuwa likachepa nayo imachepetsa liwiro yokha. Koma musaisiye yopanda sensa, mmawa wa Julayi panelo imayamba kupereka mphamvu mapaipi asanafunde.

Achinyamata odziwa za timakompyuta tating'ono ta Arduino kapena ESP32 atha kupanga kontrola yotere pa mtengo wotsika, ndi masensa a DS18B20 osalowa madzi aja ndi rileyi, kaswitchi koyatsidwa ndi kontrolayo. Ndilibe nazo vuto, bola rileyi yaing'onoyo isanyamule pampu ya 230V yokha, iziyatsa kontakita, switchi yaikulu yotha kunyamula magetsi ambiri, kontakitayo ndiyo iziyatsa pampu, ndipo mu pulogalamu muike mphindi zingapo zodikira isanasinthe maganizo. Waya wa sensa ya padenga mumudutsitse mu kondyuti, paipi yotetezera waya ija, makoswe amatafuna, ndipo a ku Cape Maclear ndi Monkey Bay mukuwadziwa anyani mmene amasewerera padenga. Mbali ya magetsi aakulu yokha musachite nokha, itanani wamagetsi wa ziphaso aike earth leakage ya 30mA, chothimitsa magetsi chokha akayamba kudutsa polakwika, ndi waya wa earth. Apa ndi pamene madzi, magetsi ndi ana osavala nsapato akumana, sipofunika kutchipitsa.

Nkhani ya magetsi kuthima ili ndi mbali ina yomwe anthu saiganizira. Madzi akaima m'mapaipi akuda dzuwa lili paliwombo amatentha kwambiri, atha kufika madigiri 60, nde pampu ikangoyaka madzi oyambawo amatuluka owotcha, mwana amene ali pafupi ndi potulukira atha kupsa, ndiponso mapaipi oyera a PVC amafewa pa kutentha kotero majointi nkuyamba kudontha. Muike kavalavu kolowetsa mpweya pamwamba penipeni pa mapaipi kuti pampu ikaima madzi azitsika okha kubwerera mu pulu, ndi valavu yoletsa madzi kubwerera pakati pa fyuluta ndi mapaipi kuti otsikawo asakavundule mchenga wa mu fyuluta. Pogula kontrola mufunse ngati imasunga manambala magetsi akathima.

Kontrola yabwino siingakonze mapaipi oyalidwa molakwika. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, nde mapaipi ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri 25 mpaka 30 ngati mukumanga thandala. Malo omwe atenge akhale osachepera theka la kukula kwa pamwamba pa pulu. Musapinde paipi imodzi yaitali mamita mazanamazana, dulani mizere ingapo yofanana kutalika yochokera pa paipi imodzi yaikulu nkukathira pa ina. Ndipo apa mundimvetse bwino, ambiri mumagwira madzi obwerera mukamva kuti angofunda pang'ono mumakhumudwa nkuchepetsa liwiro kuti atuluke otentha. Mukutero mukuluza, paipi ikatentha kwambiri imataya kutentha kochuluka ku mphepo. Madzi ambiri okwera ndi madigiri 2 kapena 3 amapindula kuposa timadzi tochepa towotcha. Kumbali yomwe mwera umachokera, kummwera chakummawa, mutchingeko ndi mpanda wa bango kapena wa udzu bola usachite mthunzi.

Pulu imataya kutentha kwambiri kudzera m'madzi ouluka ngati nthunzi, makamaka usiku wa mphepo. Mphika wosavundikira suchedwa kuzizira olo nkhuni zikhale zambiri, nde gulani kavala ya pulasitiki ya timathovu ija muzivundikira dzuwa likalowa. Iyi ndi ntchito yomwe ikhalebe ya munthu. Musalole mwana kusamba kavala ili pamadzi olo itavundukulidwa mbali imodzi, ichoke yonse kaye.

Ikafika Okutobala ndi Novembala zinthu zimatembenuka, madzi amafunda mopitirira mpaka kusamba osakoma, kolorini amatha msanga ndere nkuyamba kumera m'makoma. Makontrola ena ali ndi pochunira poti aziyendetsa madzi kudenga usiku, mapaipi omwewo nkumaziziritsa pulu. Mufunse za izi pogula. Ndipo madzi akamafunda muziyeza kolorini pafupipafupi, pH, muyezo wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6.

Mukamaliza kuika zonse muyese musanamulipire wokuikirani ndalama yomaliza. Masana dzuwa likuwala phimbani sensa ya padenga ndi nsanza yonyowa, pakatha mphindi zochepa valavu itembenuke kapena pampu ithime, mukachotsa iyambirenso. Kenako ikani masensa onse awiri mu ndowa imodzi ya madzi muone ngati akuwerenga zofanana, akasiyana ndi madigiri oposa imodzi sinthani kapena muchune mu kontrola. Mubwerezenso mayeso amenewa mu Epulo mvula ikatha, poti mphenzi ndi chinyontho zimaononga masensa mwakachetechete, ndipo ndi nthawi yomweyo yoyamba kusonkhanitsa kutentha mwera usanafike.