Mwana akamazunzika kumudzi, yambirani pa 116

Ine ndili m'gulu la amayi oyang'anira ana pasukulu ya kwathu, kumudzi komwe galimoto sifika mvula ikagwa. Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti akadziwa zoti mwana akuzunzidwa ayambire pati. Yambirani pafoni. Imbani 116, nambala ya Tithandizane yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba. Ndi yaulere, ndipo mwana naye atha kuimba yekha.

Musanaimbe, pezani kaye malo pomwe netiweki imagwira bwino komanso palibe wokumverani. Kwathu timakwera pachulu kuseri kwa sukulu. Amene akuyankhayo sadziwa kwanu, choncho mutchule boma, mfumu yaikulu, gulupu, mudzi, ndi chizindikiro monga chigayo kapena mjigo. Nenani zaka za mwanayo, chomwe chachitika, ngati wavulala. Koma chachikulu n'chakuti kodi usiku uno agona nyumba imodzi ndi womuzunzayo? Ngati ndi choncho, yambani ndi mawu amenewo.

Mwana akagwiriridwa, musadikire kuti kuche kawiri. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amagwira ntchito akayamba kumwa pasanathe maola 72. Musamusambitse, zovala zake musachape, zikulungeni m'pepala mupite nazo. Thamangirani kuchipatala, ndipo mukanene kupolisi ku Victim Support Unit. M'zipatala zina zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo a Chikwanekwane komwe adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi.

Apa ndiye pamene timalakwira ana athu. Akuluakulu amakhala pansi pa mtengo, wolakwayo n'kulipa mbuzi, nkhani n'kuthera pomwepo "kuti tisachititse manyazi banja". Mbuziyo amadya ndi ena, ululu n'kutsala ndi mwana. Kugwiririra ndi mlandu wa kukhoti. Mafumu timawalemekeza ndipo awuzidwe, koma sangauweruze.

Chimodzimodzi ukwati wa ana. Kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangakwatiwe ngakhale makolo atavomereza. Mfumu Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambiri otere, atsikana n'kubwerera kusukulu. Mukamva zoti akukonza chinkhoswe cha mtsikana wa Sitandade 6, imbani msanga zisanafike patali. Ana otengedwa kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya nawonso nkhani yawo imalandiridwa pa nambala yomweyi, komanso ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu.

Mwanayo musamupanikize ndi mafunso. Mukhazikeni pansi, mumupatse madzi, mumuuze kuti, "Wachita bwino kundiuza, sunalakwe iwe." Musamulonjeze kuti mubisa, chifukwa mukauza ena oti amuthandize. Chithunzi chake kapena dzina lake zisapite pa WhatsApp, ngakhale m'gulu la mpingo. Womuzunzayo musakakangane naye nokha, angathawe kapena kuwopseza mwanayo.

Mukamaliza kuimba, lembani m'kope tsiku, nthawi ndi zomwe akuuzani. Kumudzi thandizo limatha kuchedwa chifukwa cha mtunda. Pakadutsa tsiku osamva kanthu, imbaninso, ndipo muuzenso mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu kapena aphunzitsi aakulu kuti akuthandizeni kulondola nkhaniyo.