Nyamulani thabwa musanagwire hamala

Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo ukalipentala ndinauphunzirira pa benchi yawo. Lero ndimakhoma mabedi ndi makabati ku Glen View Area 8, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Mwana akabwera kudzaphunzira ntchito, ndimayamba ndamulanda hamala n'kumupatsa thabwa kuti alinyamule, chifukwa kulemera kwake n'kumene kumanena mmene lidzagwirire msomali.

Paini wa ku Nyanga ndi Chimanimani ndi wopepuka. Msomali umangolowa ngati m'mbatata yophika, komanso kuzuka kwake sikuvuta. Ndiye sankhani wautali, woti magawo awiri mwa atatu akalowe m'thabwa lapansi: thabwa la mamilimita 25 limafuna msomali wa 75, uja timati wa mainchi atatu. Musaiimike chilili yonse. Iwiriiwiri muziipendeketsa moyang'anana, ikatero thabwa silisololoka.

Mlombwa, umene anzathu kuno amati mukwa, ndiye ndimaukonda. Umagwira bwino ndipo sung'aluka wamba.

Vuto lili pa bulugama. Wauwisi amalandira msomali mosakana, mpaka umaganiza kuti ntchito yatheka. Ndinamangapo khola la nkhuku la mlamu wanga ku Mufakose ndi bulugama wotere. Dzuwa la Okutobala litamuumitsa, ming'alu inatseguka pomwe panali misomali, ina n'kumazuka ndi zala. Zinandipweteka mtima, poti anali atandikhulupirira. Bulugama muzimuumitsa kaye pamthunzi. Akauma amalimba kwambiri, choncho boolani kabowo kocheperako pang'ono kuposa msomaliwo, kenako khomani. Mukusi wa ku Matabeleland ndiye musayese n'komwe osaboola, mungopinda misomali paketi yonse. Koma ukalowa, walowa. Pozula mumathyola mutu wa msomaliwo.

Popanda choboolera, tembenuzani msomali, menyani nsonga yake kamodzi kuti ibunthe. Wobuntha umadula ulusi wa thabwa m'malo moulekanitsa, ndiye kung'aluka kumachepa. Musakhomenso kufupi ndi mapeto.

Kumutu kwa thabwa, komwe sowo inadula, msomali sugwira kwenikweni ngakhale mtengo ukhale wolimba bwanji. Chipboard, ija yopangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa pamodzi, nayo musaivutitse ndi misomali, imafuna guluu ndi masikuluu.

Mapolo obiriwira aja othiridwa mankhwala a chiswe amadyetsa msomali wamba ndi dzimbiri. Pamenepo gulani misomali ya galvanised, ija yokutidwa kuti isachite dzimbiri msanga, ngakhale ku msika wa Siyaso ikhale yokwererapo mtengo.