Kupimitsa makhadi a baseball kwa akatswiri: mmene mungadziwire ngati n'koyenera

Kuno ku Chigwa cha Shire baseball si masewera athu, koma makhadi a osewera ake amatipeza ndithu, ena kudzera mwa achibale amene anakhalako ku America, ena m'katundu wakale wochokera kunja. Munthu akamva kuti khadi ya wosewera wotchuka Mickey Mantle yosindikizidwa ndi kampani ya Topps mu 1952 inagulidwa pa madola 12.6 miliyoni mu 2022, mtima umayamba kuthamanga, ndipo amafuna kutumiza ake onse kuti akapimidwe. Ndikupemphani kuti muyambe mwadekha, chifukwa makhadi ambiri sangabweze ndalama zimene mungawononge.

Kupima kumene tikunenaku kumachitidwa ndi makampani a ku America monga PSA, imene inayamba mu 1991, SGC ndi Beckett. Iwo amatsimikiza ngati khadi ndi yeniyeni, amaipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, kenako amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi nambala yake. Wogula wakutali amene sanakuonenipo amakhulupirira kabokosiko, ndipo n'chifukwa chake khadi yopimidwa imakwera mtengo.

Choyamba, dziwani chaka ndi kampani imene inasindikiza khadi yanu, zomwe kawirikawiri zimalembedwa kumbuyo. Ngati ndi ya pakati pa 1987 ndi 1994, chiyembekezo chichepe, pakuti pa nthawiyo Topps, Fleer, Donruss, Score ndi Upper Deck anasindikiza makhadi ochuluka kwambiri moti mpaka lero ali mbwee. Ochepa okha a nthawi imeneyo, monga khadi yoyamba ya Ken Griffey Jr. ya Upper Deck ya 1989, ndi amene amafunidwabe, komabe ngakhale imeneyo mtengo wake umakhala wabwino pokhapokha italandira malikisi apamwamba. Chenjeraninso ndi makhadi amene anasindikizidwanso motengera akale, chifukwa chithunzi cha 1952 sichitanthauza kuti pepalalo ndi la 1952.

Pamene pali ntchito yaikulu ndi pa kuyang'ana khadiyo ndi maso opanda tsankho. Sambani m'manja, muigwire m'mbali, mukhale powala, ndipo muone zinthu zinayi zimene opima amaona: ngati chithunzi chili pakati penipeni, ngati ngodya zonse zinayi zili zosongoka, ngati m'mphepete simunayoyoke, ndiponso ngati pankhope palibe zokanda kapena madontho. Kuti PSA ipereke 10, malire a kumanzere ndi kumanja asasiyane kuposa pafupifupi 55 ndi 45 pa 100 kutsogolo kwa khadi, ndipo mzere umodzi wokha wa kupindika umagwetsa malikisi kwambiri. Apa ndi pamene nyengo yathu imatipweteka. Khadi imene yakhala zaka m'sutikesi pansi pa denga la malata ku Ngabu kapena ku Bangula, m'kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 40, kenako n'kumwa chinyezi cha dzinja, imapindika ndi kuchita nkhungu. Imene inanyowapo ndi madzi osefukira a namondwe Freddy mu 2023 singabise chipsera chake, ngakhale itauma bwanji. Musayese kuisita, kuidula m'mphepete kapena kuipaka utoto, chifukwa akaona kuti yakonzedwa sapereka malikisi, ndipo mudzakhala mwawononga chinthu chimene chinali ndi mtengo wake.

Mukatero, werengerani. Pa eBay, msika wa pa intaneti, yang'anani mitengo ya makhadi amene anagulidwa kale, osati imene ogulitsa akungotchula, ndipo muyerekeze mtengo wa khadi yosapimidwa ndi wa yopimidwa pa malikisi amene mukuyembekeza. Ine ndimalangiza kuchotsapo malikisi amodzi kapena awiri pa amene mtima wanu ukukuuzani, pakuti mwini chinthu saona zilema zake. Kenako phatikizani malipiro a kupima, omwe amakwera khadi ikakhala yodula, ulendo wokwera Thabwa kupita ku Blantyre kumene kuli makampani otumiza katundu kunja, mtengo wotumizira ndi wobwezera, ndi inshulansi. Zambiri mwa izi zimalipiridwa m'madola, omwe ndi ovuta kuwapeza, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati phindu lotsala ndi lochepa, musatumize.

Khadi yoyeneradi kupimidwa ndi yakale kwambiri, ya wosewera wotchuka, kapena imene anthu amakonda kupanga zachinyengo zake, chifukwa pamenepo ngakhale malikisi otsika amathandiza potsimikiza kuti ndi yeniyeni. Ngati muli ndi m'bale wodalirika ku America, n'kwanzeru kuti iye ndiye aitumize ndi kuilandira komweko. Zotsalazo muziike m'timapepala tofewa ta pulasitiki, kenako m'chotengera cholimba, ndipo muzisunge pamalo okwera, amthunzi, kumene chiswe ndi madzi sizingafike.