Momwe mungapezere pogona ku UK mukapata sikolashipu

Kalata ya sikolashipu ya Chevening kapena Commonwealth ikangofika, tonse timathamangira za viza. Za pogona timazikumbukira mochedwa, chonsecho ndi zomwe zimadya ndalama ya mwezi. Ine ndinaphunzira ku Leeds, ndiye ndinena za kumeneko.

Yambani ndi mahositelo a yunivesite, lembetsani tsiku lomwe akupatsani malo a sukulu. Ndi odulirapo, inde, koma magetsi, madzi, intaneti ndi zotenthetsera chipinda zili momwemo. Ambiri safunanso guarantor, munthu wokhala ku UK wolonjeza kukulipirirani lendi mukalephera. Kodi munthu wongotsika ndege kuchokera ku Chileka amupeza kuti? Chenjerani chabe kuti a masters kawirikawiri amasainitsidwa masabata 51, ndipo kutulukamo pakati ndi kovuta.

Ine ndinkadziona ngati wochenjera. Ndinati hositelo ikudula, ndipeza chipinda m'nyumba yogawana ndi ena ku Hyde Park kapena Headingley, madera a mu Leeds komwe kumadzaza ophunzira. Pa gulu lina la pa intaneti panatuluka chipinda chokongola, kapeti woyera, zenera loyang'ana ku mtengo, lendi yake yotsika modabwitsa. Mwini wake ankalemba mwaulemu kwambiri. Anati ali kunja kwa dziko, makiyi ndikawapeza ndikafika, koma ofuna chipindacho ndi ambiri, nditumize dipoziti lero. Mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kwathu kuno. Ndinapempha msuweni wa ku Johannesburg anditumizire, ndidzamubwezera. Nditafika ndi zikwama zanga ziwiri, anatsegula chitseko mayi wina wodabwa, atavala masilipasi. Nyumba inali yake, sanaibwereketsepo kwa munthu, zithunzi zake munthu wa pa intaneti uja anachita kuba. Nambala ya foni ya munthuyo inali itazima kale. Ndinagona masiku asanu pa sofa ya mnzanga wa ku Zambia.

Choncho musatumize kalikonse musanaone chipinda ndi maso, kapena munthu amene mumamudziwa asanakalowemo n'kukuimbirani pa vidiyo. Auzeni ayang'ane nkhungu m'makona ndi kuseri kwa bedi. Ku England lamulo limati ndalama yongosungitsira chipinda isapose lendi ya sabata imodzi, dipoziti isapose ya masabata asanu, ndipo landilodi aiike ku bungwe lovomerezeka losunga madipoziti pasanathe masiku 30. Akayamba kuzemba nkhani imeneyi, chokanipo.

Zipinda zogawana yang'anani pa webusaiti ya SpareRoom, kapena ku Unipol, bungwe lothandiza ophunzira kupeza pogona, ngati muli ku Leeds. Funsani ngati mabilu ali mu lendi, chifukwa gasi wotenthetsera nyumba mu Januwale amaliza munthu. Ku London chipinda chimodzi chimayandikira £1,000 pamwezi, n'chifukwa chake a sikolashipu ophunzira kumeneko amalandira ndalama ya mwezi yochulukirapo.

Zotsalazo n'zophweka. Tengani kalata ku yunivesite kuti musamalipire council tax, msonkho wa khonsolo wa okhala m'nyumba, jambulani chipinda chonse tsiku lolowa, mabulangete ndi mapoto mukagule m'ma charity shop, masitolo a zakaunjika a mabungwe othandiza anthu, osasenza kuchokera kumudzi.